Injini Yomwe Sinamwe Madzi

Zithunzi zomwe alamu ake anatumiza pafoni zinali zosathandiza. Pafonipo zimaoneka bwinobwino, koma Hasina atazikulitsa pa laputopu kuti zikwane pepala, boti linasanduka phala, nkhope za anthu zili ngati zoumba ndi dothi losauma.

"Alamu, izi sizingasindikizike," anatero ali kuseri kwa nsalu ya pakhomo. Inali sabata yachisanu ndi chimodzi ali pa eda, kulira mwamuna wake Haruna, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale Idi, mkulu wake wa malemuyo, amayankhula naye nsalu ili pakati. "Chithunzi chikadutsa pafoni chimafinyika. Ndipatseni zenizenizo, za mu kakhadi ka m'fonimo."

Idi anaseka ali pakhonde. "Inu ndi sukulu zanuzi, mlamu! Chithunzi si chithunzi basi?"

Komabe anatsegula foni kumbuyo. Dzanja lake linatulukira m'mbali mwa nsalu, kakhadi kochepa ngati chikhadabo kali pachikhatho.

"Mawa masana ndidzatenge mapepala otsatsa botiwa, ndikagawe m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Mawu akhale akuluakulu, oti mlendo awerenge asanavale magalasi. Boti lokaonera zilumba, nkhwazi, nsomba. Ntchito imeneyi ndi ya Hidaya yemweyu, mlamu. Mwana wa mng'ono wanga sagona ndi njala ine ndili moyo."

Hasina anathokoza. Amathokoza tsiku ndi tsiku, chifukwa nyumba yomwe amagona inali ya apongozi ake, ndipo sopo, ufa ndi mkaka wa mwana zimachokera kwa Idi. Kwawo ku Chitala kunatsala malume ake okha, ndi nyumba yodontha.

Nkhani ya imfa ya Haruna aliyense pagombe amaidziwa, ndipo amaifotokoza mofanana. Lachinayi lina m'mawa anayenda yekha pa boti kukatenga matumba a mpunga ku Lifuwu. Pobwerera mwera unadzuka. Boti linapezeka litagadabuka, mtembo unapezeka m'bango tsiku lachitatu, ndipo unaikidwa tsiku lomwelo pemphero la swala ya masana litangotha. Injini inamira, anatero anthu. Idi tsiku limenelo anali ku Chitala kukafuna chimanga, ndipo pamaliro palibe analira kuposa iye. Kenako anakonza botilo, kulipaka utoto, n'kupeza injini ina yakale kwa munthu wa ku Nkhotakota.

Hidaya atagona, Hasina anayala mkeka, laputopu pa kampando. Ntchitoyi anaiphunzira atamaliza Fomu 4, ku shopu yosindikiza ya a Steven pa boma, ndipo manja ake amaikumbukira ngakhale mutu uli kwina. Anatsegula pepala loyera. Pansi anathira mtundu wa mtambo. Mawu aakulu anawaika pamwamba, nambala ya foni m'munsi, pakati n'kusiya malo a boti.

Zithunzi za mu kakhadi zinali zakuthwa, msomali uliwonse ukuoneka. Anasankha chomwe boti linaima chopingasa. Koma kumbuyo kwake kunali thandala la usipa ndi mulu wa zinyalala, zomwe mlendo safuna kuona. Zikatere umadula botilo, kulichotsa pamalo pake, n'kulikhazika pa madzi oyera. Ndipo kuti udule bwino umakulitsa chithunzi kwambiri, n'kumalondola m'mphepete pang'onopang'ono, kadontho ndi kadontho, monga wosoka alondola mpendero.

Analondola kuyambira kumutu kwa boti. Anatsika ndi thabwa la m'mbali. Anafika kumbuyo, n'kukwera pa injini. Chivundikiro chake chinali chakuda bii, utoto wadzulodzulo. Anazungulira ngodya, n'kufika pa chingwe chodzutsira.

Chala chinauma pa mausi ya laputopu.

Kumapeto kwa chingwecho kunalibe chogwirira chakuda chomwe injini zimabwera nacho. Kunali kanthu kachikasu, kopindika ngati mbedza, ndipo pamsana pake panali chipsera cha moto.

Anakulitsanso. Anakulitsanso kachiwiri.

Chinali chogwirira cha ambulera yake. Ambulera yomwe amafunditsa Hidaya popita kusikelo, yomwe inapsa pa mbaula tsiku lina iye akuthamangira mwana, yomwe mphepo inathyola mwezi wa Meyi. Haruna anaidula ndi sowo pakhonde lomwelo, akuseka, ati tsopano ndizidzutsa injini ndi dzanja la mkazi wanga.

Anayang'ana tsiku lomwe chithunzicho chinajambulidwa. Panali patangopita masiku khumi ndi limodzi chimwalirire Haruna.

Panja apongozi ake amapeta mpunga, lichero likulira mwakachetechete. Hasina anayang'ana mwana. Anayang'ana denga, malata abwinobwino osadontha. Akanatha kufufuta kanthu kachikasuko, ntchito ya kamphindi, palibe akanadziwa. Anakhala choncho mpaka phazi linachita dzanzi. Kenako anakopera chithunzicho pa kafulashi, n'kufufuza m'chikwama cha matewera kapepala komwe wapolisi wina wamkazi anamulembera nambala tsiku la maliro.

*

M'mawa mwake ananamiza apongozi ake kuti Hidaya akufunika kusikelo. Bodza linatuluka mosavuta mpaka iye yemwe anachita mantha.

Wapolisi uja, Sajeni Anna Pitala, anamupeza ku shopu ya a Steven. Anali mayi wamfupi, wa nsapato zafumbi, wosakonda moni wautali. A Steven anasindikiza chithunzi cha injini chokhachokha pa pepala lalikulu, osafunsa kanthu, n'kupita kukaima pakhomo.

Sajeni analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Maambulera achikasu mu Salima muno alimo angati, amake mwana?"

"Ambiri. Koma wopsa pamenepa ndi wanga."

"Mukudziwa yemwe mukumuloza chala?"

"Sindikuloza munthu, amayi. Ndikuloza injini." Anaika chala pa pepalalo. "Anthu akuti ili pansi pa nyanja. Ndiye ikutani pa boti la alamu?"

Sajeni anapinda pepala. "Ine mtembo wa amuna anu sindinauone. Ndimafika, anthu akuchokera kumanda. Ndinafunsa mafunso, aliyense akuti nyanja, nyanja. Nyanja sungaiitane ku ofesi." Analowetsa pepalalo m'thumba. "Injini zapagombe lanu amakonza ndani?"

"A Kumbukani."

"Mangani mwanayo bwino. Tikwera njinga yamoto."

*

Kumbukani amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, zitsulo zili mbwee pa chiguduli. Ataona yunifolomu anayamba kuyankhula asanafunsidwe.

"Bwana, ngati ndi za batire ija, ine ndinangolumikiza mawaya, mwini wake ndi..."

"Batire isiyeni. Iyi mukuidziwa?"

Anayang'ana pepala. Anayang'ana Hasina, yemwe anaima patali atadzifunditsa mpango mpaka m'maso. Anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale anali atapukuta kale.

"Ah, injini zimafanana, bwana. Zonse ndi zakuda, zonse zimalira."

"Utoto uwu anapaka ndani?"

"Utotowo ndiye ndine. Ntchito yanga imaoneka, onani mmene wakhalira, wosadontha."

"Anabweretsa ndani, liti?"

"Che Idi. Lolemba, maliro atachitika Loweruka. Anaikulunga m'thumba la feteleza, ati ndagula ku Nkhotakota, ipake utoto, ndipo kachitsulo ka nambala kachotse, kakukanda manja. Ine ndine ndani kuti ndikane? Kasitomala ndi kasitomala."

"Munaitsegula?"

"Injini iliyonse ikafika pano ndimaitsegula, bwana, ngakhale mwini wake akane. Ndi ulemu wa ntchito."

"Munapezamo chiyani?"

Kumbukani anakhala pa chitini. Liwiro la pakamwa linamuthera.

"Youma. Gwa. Bwana, injini yomira ndimaidziwa ndisanamasule n'komwe. Pulagi imachita dzimbiri, mchenga umalowa paliponse, ukakoka chingwe imalavula madzi ngati mwana wotsamwa. Iyi ndinangokoka kamodzi, inadzuka. Sinamwe madzi ngakhale supuni imodzi."

Hasina anasendera pafupi. Sanafune kuyankhula ndi mwamuna, koma mawu anatuluka okha.

"Munaizindikira, a Kumbukani?"

Bamboyo sanadzutse mutu. "Mayi, injini imeneyo ndaikonza zaka zinayi. Kulira kwake ndimakudziwa monga inu mudziwira kulira kwa mwanayo. Ndinangoti mwina pachibale anagwirizana kale. Za pachibale ukalowerera, umapsa ndiwe."

Atafika pa njinga, Sajeni sanaidzutse msanga.

"Mwamva? Boti likagadabuka injini ili pomwepo, imamwa madzi. Iyi sinamwe. Ndiye kuti inachoka pa boti, botilo lisanagadabuke. Ndipo injini simadzimasula yokha."

"Koma Haruna anali yekha."

"Ananena ndani kuti anali yekha?"

Hasina anafufuza m'mutu mwake, tsiku ndi tsiku, mpaka pamaliro. Woyamba kunena mawu amenewo anali Idi.

*

Mayi Saida amagulitsa tiyi ndi zitumbuwa pagombe pomwe maboti amanyamukira, m'kachisakasa ka bango. Ataona Hasina anasiya ketulo, n'kumugwira manja onse awiri.

"Mwananga, watuluka uli pa eda? Subhanallah. Khala apa, pamthunzi. Mwanayu wakula, mphumi ngati bambo ake."

Sajeni anadikira kuti madandaulo athe, kenako anafunsa za Lachinayi lija.

"Ndingaiwale bwanji? Ndine womaliza kumudyetsa. Anabwera dzuwa litangotuluka, akuimba kanyimbo kake kosatha kaja. Ndinamuuza, Haruna, mitambo iyo sindikuikonda. Ati amayi, mitambo ilibe boti, ine ndili nalo."

"Anali ndi ndani?"

"Pano anafika yekha. Boti linali kuseri kwa bango uko, sindimaliona. Anatenga makapu awiri n'kupita nawo. Makapu anga abwino, a maluwa. Sanabwerenso, koma ine sindidandaula, kapu ndi chiyani."

"Awiri?"

"Awiri, ndi zitumbuwa zinayi."

"Mwina anali ndi ludzu," anatero Sajeni, maso ali pa ketulo.

"Iyayi, mwana wa boma. Haruna amamwa wa mkaka, shuga supuni imodzi. Kapu inayo inali yopanda mkaka, shuga masupuni anayi. Ndinamuseka, ndati ameneyo mano adzamuthera." Mayiyo anaima pakati pa mawu. Dzanja linapita pakamwa.

Hasina samafunikira kuuzidwa. M'nyumba ya apongozi ake, tiyi wopanda mkaka wa masupuni anayi amamupanga iye mwini, m'mawa uliwonse, n'kumudutsitsa m'mbali mwa nsalu kupita kwa Idi.

"Bwanji simunanene, amayi?" anafunsa Sajeni.

"Anandifunsa ndani? Amuna anakhala pansi pa mtengo uko, kukambirana za mphepo. Wogulitsa tiyi amafunsidwa za chenji basi." Misozi inayamba kutsika. "Ndipo Idi anati anali ku Chitala. Ndinati mwina ndakalamba, ndasokoneza masiku."

Hasina anakumbukira chinthu china, chaching'ono, chomwe anachiona tsiku lija n'kuchisiya. Idi anabwera madzulo alibe ngakhale chitini cha chimanga. Anati chadula. Ndipo malaya omwe anavala sanali omwe anachoka nawo.

*

Idi anafika dzuwa litapendeka pang'ono, akuliza mluzu. Anapeza amayi ake atakhala pa mkeka pabwalo, Sajeni pa mpando, ndi wapolisi wina wamwamuna ataima pa mpanda. Hasina anali pakhomo, mwana kumsana.

"Kwagwanji? Mlamu, mapepala aja atheka?"

"Latheka limodzi," anatero Sajeni, n'kumupatsa.

Idi analitambasula akumwetulira. Kumwetulirako kunakhalabe pankhope kanthawi, ngati kwaiwalidwa.

"Injini yanga iyi. Ya ku Nkhotakota."

"Anakugulitsani ndani? Dzina lake?"

"Munthu wina... wamtali. Tinakumana pa depoti."

"Lachinayi lija ku Chitala munagula chimanga kwa ndani?"

"Sindinagule. Chinadula."

"Munafunsa mtengo kwa ndani? Munakwera minibasi ya ndani? Anakuonani ndani? Tchulani munthu mmodzi, a Idi, ine ndinyamuka pompano kukamufunsa, inu mutsale mukumwa tiyi wanu wa masupuni anayi."

Apongozi a Hasina anadzuka pa mkeka. Anali mayi wowonda, wa mawu ochepa, koma tsopano mawuwo anatuluka ngati mwala.

"Amake Hidaya, ndiwe wabweretsa apolisi pakhomo panga? Sikelo yake ndi imeneyi? Mwana wanga mmodzi ali m'manda, ukufuna winayu apite kuti? Amene akukudyetsa?"

Hasina anagwira chitseko.

"Amayi, chogwirira icho ndi cha ambulera yanga. Munalipo tsiku lomwe Haruna amadula. Munati akuononga sowo."

Mayiwo analanda pepala m'manja mwa Idi. Analiyandikitsa kumaso, kulitalikitsa, kuliyandikitsanso. Kenako anayang'ana mwana wawo.

"Idi."

Idi anakhala pansi, pafumbi.

"Sindinamuphe, amayi. Wallahi sindinamuphe."

Nkhuku inadutsa pakati pawo.

"Anandipempha ndimuthandize kunyamula matumba. Tinakoka kabwato kanga kumbuyo, ndimafuna ndikakasiye kwa mmisiri ku Lifuwu, koma sitinamupeze. Pobwerera mwera unatipeza tili pakati. Matumba ananyowa, boti linalemera, madzi akulowa kuposa mmene timakapira. Mtunda umaoneka, amayi. Mitengo timaiona. Ndinati tipulumutse injini. Aliyense pagombe pano akanatero, funsani. Boti la matabwa silimira, munthu amasambira, koma injini ikapita yapita. Iye yemwe anandithandiza kumasula. Tinaitsitsira m'kabwato. Koma kabwato sikakanatha kunyamula injini ndi anthu awiri pa mafunde amene aja. Ndinati gwira boti, ndikasiye iyi, ndikubwera."

"Munabwerera?" anafunsa Sajeni.

"Ndinabwerera! Ndinaibisa m'bango, ndinapalasa kubwerera. Ndinapeza boti litagadabuka. Ndinazungulira, ndinazungulira. Haruna amasambira kuposa ine, amayi, mukudziwa. Kuyambira tili ana."

"Simunakuwe? Simunaitane anthu pagombe? Maboti a injini analipo angati tsiku limenelo?"

Idi anaphimba nkhope. "Ndikanati chiyani? Kuti ndatenga chitsulo, ndasiya mng'ono wanga? Ndinati mwina watulukira kwina, afika madzulo, tiseka. Madzulo atakwana anthu anandifunsa komwe ndinali. Pakamwa panangotuluka Chitala. Ndipo bodza ukalinena pamaliro silibwezeka."

"Koma injini ya mwana wamasiye munaipaka utoto," anatero Sajeni. "Nambala munachotsa. Zimenezo si mantha a tsiku limodzi."

"Ndimafuna imudyetse Hidaya."

Hasina anatsika pakhonde. Sanadziwe kuti watsika mpaka anamva fumbi lotentha kumapazi. Zoti Haruna anathandiza kumasula kapena ayi, panalibe mboni, ndipo sipadzakhalanso. Iye anali ndi funso limodzi lokha, lomwe limamudya chiyambire kuona kanthu kachikasu kaja.

"Alamu, mukupalasa kupita kumtunda, anakuitanani?"

"Mphepo inali yambiri, mlamu."

"Anakuitanani?"

Idi anayang'ana pansi.

"Katatu."

"Munacheuka?"

"Ndikanacheuka kabwato kakanagadabuka." Anapukuta nkhope ndi malaya. "Kawiri anati achimwene. Kachitatu sanaitane ine. Anaitana amayi."

Mayi aja sanakuwe. Anabwerera pa mkeka pang'onopang'ono, dzanja likufufuza pansi ngati la wakhungu, n'kukhala.

"Mutengeni," anatero.

Idi anadzuka yekha. Wapolisi wamwamuna sanafunike kumugwira. Sajeni anatola pepala lomwe linagwa pafumbi, analikung'untha, n'kuuza Hasina motsitsa mawu kuti mawa adzabwera kudzalemba zonse. Anatuluka pa mpanda, ndipo ana a oyandikana nawo omwe anaunjikana pamenepo anapatuka mwakachetechete.

Pabwalo panatsala awiri, ndi mwana yemwe anali atagona kumsana osadziwa kanthu. Hasina anagwada patali pang'ono ndi mkeka. Anafuna kupepesa, koma sanapeze choti apepesere.

"Amake Hidaya."

"Amayi."

"Sunalakwe. Pamaso pa Allah sunalakwe, ndipo sindikukuda." Mawu awo anali ouma, otopa. "Eda yako umalizire m'nyumba muno, ndi ufulu wako, palibe akuchotse. Koma ikatha, upite kwa malume ako. Dzulo ndinali ndi mwana mmodzi. Ndikamakuona, ndizikumbukira tsiku la lero."

Hasina anaweramitsa mutu.

"Ndamva, amayi."

Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala. Mayi aja anayesa kudzuka, mawondo anakana. Hasina anapita kuseri kwa nyumba, anatunga madzi m'ndowa, anabwera nawo, n'kuyamba kuwathirira m'manja kuti akonzekere swala. Iwo anatambasula zikhatho, nasamba, nkhope atalozetsa kumbali.